Ndinafukula mabwinja ku Phalombe, koma theka la ntchito linadyedwa ndi chiswe

Ana anga a folomu 4 akale amene pano ali ku koleji akhala akundifunsa kuti sir, sukulu yanu yofukulafukula ija inatha bwanji, ife tikufuna titsate mapazi anu. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka kutopa, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi. Masters imene amati ndi ya zaka ziwiri ine inanditengera zisanu, ndipo zambiri zimene zinandichedwetsa ndinazipala ndekha, sindingaloze munthu chala.

Ndinali mphunzitsi wa history pa sekondale ina ya masana ku Mulanje. Mu 2014 tinatenga ana kupita nawo ku Fort Lister, pampata paja pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi. Kwa amene simunafikeko, ndi linga limene boma la atsamunda linamanga mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, kuti atseke njira imene ogula akapolo ndi minyanga ankadutsa popita ku Quelimane. Panangotsala zipupa zogumuka ndi thengo. Ndili mkati mofotokoza za asilikali achi Sikh ochokera ku India amene ankalondera mmalinga amenewa, kamtsikana kena kanatola phale lokhala ndi timizere mmphepete nkundifunsa kuti sir, nanga mphika uwu ankaphikira ndani, mSikhyo? Anzake anaseka, ine ndinangoti tikaona mkalasi, koma chilungamo chake yankho ndinalibe. Mabuku amene tinkaphunzitsira amatchula Johnston, amatchula mafumu achiyao ngati Mkanda ndi Matapwiri, koma amayi amene ankasinja, amtengatenga, ogwidwa aja, anthu amene anathawira mmapiri, onsewo ziii.

Funso la mwana uja ndi limene linandilowetsa mu historical archaeology. Mwachidule, iweyo umafukula malo a nthawi imene kunali kale zolembalemba, ndiye umatenga zinthu zitatu, zimene azungu ndi amishoni analemba, zimene akuluakulu amakamba, ndi zimene zili pansi pa nthaka, nkumaziyerekeza kuti zikugwirizana pati ndipo zikutsutsana pati. Munthu amene ndinkamusirira ndi Yusuf Juwayeyi, amene anaphunzira ku Berkeley ku America nkudzafukula ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga a Maravi. Kumeneko kunatuluka mikanda yagalasi, zamkuwa, minyanga, mpaka zidutswa za mbale zochokera ku China. Chimene sindinachigwire bwino nthawi imeneyo nchakuti mkuluyu ntchito yake inatsamira kwambiri pa mbiri yapakamwa ya Achewa. Ine maso anali pa mbale za ku China basi.

Mu 2016 ndinapeza malo pa yunivesite ina ku South Africa. Sikolashipu inali ya fizi ndi pogona, za ku fildi ayi. Kalatayo ndinaiwerenga mothamanga chifukwa cha chimwemwe, mzere umenewo ndinadzauona bwino nditafika kale ku Joni. Ngati mwapeza sikolashipu funsani molemba kuti transipoti ya ku fildi, malipiro a okuthandizani kukumba ndi ndalama ya ku labu alipira ndani. Zanga zinatuluka mthumba mwanga, mu loni ya ku SACCO ndi mbuzi za mayi kumudzi ku Ntcheu.

Chaka choyamba chinayenda bwinobwino, makalasi, kuphunzira kujambula mapale, kudziwa kusiyanitsa miphika ya Nkope, Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi, mayina amene ofukula akale anapatsa mitundu ya miphika potengera malo amene anaipeza koyamba. Pakati pa 2017 ndinabwera kuno nkukakhala ku Zomba ku National Archives masabata asanu ndi limodzi. Ndinapita ndi mtima woti ndikapeza mafayilo a Fort Lister ataunjikana, osadziwa kuti mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za atsamunda anapsa. Zimene ndinkafunazo, za mma 1890, ndi zomwezo zinapsazo. Ndinatolako pang'ono mmakalata a amishoni komanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, koma ndikanafunsa munthu mmodzi yekha amene anakhalapo pa mafayilo amenewa bwenzi nditapulumutsa ndalama ya lendi ya mwezi wathunthu.

Kenako nkhani ya pemiti. Ine ndinkaganiza kuti kalata ya supavaiza yokhala ndi chidindo cha yunivesite ndi yokwanira. Ayi ndithu. Lamulo la Monuments and Relics Act limati sungakumbe malo akale popanda chilolezo cha boma, zimene wafukulazo si zako, ndipo kutulutsa kalikonse kunja kwa dziko, olo kathumba ka makala, kumafuna chilolezo chakechake. Palinso chilolezo cha kafukufuku amene ukucheza ndi anthu. Ndinayamba kuthamanga ndi mafomu mu July, nthawi imene ndinayenera kukhala ndili kale mdzenje, ndipo pamene zonse zimatheka September anali akupita kumapeto. Yambani za mapepala miyezi isanu ndi umodzi zisanafike, chifukwa nyengo yokumba kuno ndi yaifupi, kuyambira anthu akakolola mpaka mvula yoyamba.

Ndiye mukukumbukira zimene zinkachitika ku Mulanje ndi Phalombe mu September ndi October 2017. Anamapopa. Ndinkazimva pa wailesi koma ndinkati aaa ine ndine Mmalawi, ndaphunzitsa dera lomweli zaka zambiri, ndani angandiyese wopopa magazi. Komanso nthawi inali itandithera, supavaiza akufunsa za data sabata iliyonse. Ndinahaya kagalimoto, ine ndi mnyamata mmodzi wondithandiza, tinafika pamudzi wina kumunsi kwa mpata uja cha mma 10 mmawa. Amfumu kunalibe, anali kumaliro. Ndinalankhula ndi mphwawo pamsewu, iye anangoti yendani palibe vuto, ine nkutenga mawu amenewo ngati chilolezo.

Tangoganizani mmene tinkaonekera. Anthu awiri achilendo mmunda mwa eni ake, mmodzi wanyamula GPS ikuliralira, wina wanyamula chitsulo chobowolera nthaka chooneka ngati jakisoni wamkulu, mgalimoto muli cooler box ndi timatumba tapulasitiki tambirimbiri. Sipanathe ola. Anayamba ndi ana kutiyang'ana chapatali, kenako ana aja anasowa, kenako kunamveka likhweru ndi mfuwu kumtunda. Pamene ndimadzutsa mutu anthu anali atatizungulira, ena ndi zikwanje ena miyala ili mmanja, bambo wina akungobwereza kuti atsegule chibokosicho, atsegule tione. Miyendo inalobodoka. Ndinatsegula, munali Fanta atatu ndi mabanzi. Palibe anaseka. Wina anati magaziwo abisa pansi pa mpando.

Anatipulumutsa ndi mayi wina amene mwana wake ndinamuphunzitsa folomu 2. Analowa pakati chitenje atamanga mchiuno nkunena kuti awa ndi aphunzitsi, ndikuwadziwa, mwana wanga anadutsa mmanja mwawo, amene akufuna kuwagenda ayambe ine. Anatiperekeza mpaka pagalimoto atandigwira dzanja ngati mwana, nkundinong'oneza kuti aphunzitsi pitani, musacheuke, ndipo musabwerenso mpaka mphepoyi itadutsa. Galasi lakumbuyo linaswedwa tikutuluka, ndinalipira ndine. Masabata omwewo anthu angapo anaphedwa mmaboma akummwera chifukwa cha mphekesera yomweyi, mpaka a United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe. Ndinafika ku Blantyre nkusanza, ndipo kwa mwezi wathunthu ndikamva likhweru mtima umadumpha. Chaka chinathera pomwepo, palibe olo dzenje limodzi.

Anthu aja sindiwada ayi. Munthu amene wamva kuti kukuyenda opopa magazi, nkuona mlendo akubaya nthaka mmunda mwake osaodira, aganize chani? Ndipo olo kulibe za anamapopa, mmidzi yambiri mukangoyamba kukumba anthu amati mukusaka miyala yamtengo wapatali kapena chuma chimene azungu anakwirira, mukufuna mulemere nokha.

Mu June 2018 ndinabwerera, ulendo uno mwaulemu wake. Ndinayambira kwa DC, kupolisi, kwa a T/A, kwa agulupu, kenako kwa anyakwawa, paliponse ndi kalata ndiponso kangachepe kolonjera mfumu monga mwa mwambo. Zinanditengera masabata awiri osagwira khasu ndipo mtima unkandiwawa kuona masiku akupita. Amfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndinayala zida zonse pamphasa, chitsulo chija ndinachipereka kuti aliyense achigwire, bambo amene ankakuwa za chibokosi uja ndi amene anayamba kubowola nacho pansi anthu nkufa nacho chikhakhali. Ndinalonjeza zinthu zitatu, okumba akhala a mmudzi momwemo, aliyense ali ndi ufulu wobwera kudzaona, ndipo maenje tidzakwirira tisanachoke. Ndinalemba anyamata anayi ndi amayi awiri osefa dothi, K2,000 aliyense pa tsiku kuphatikiza nsima ya masana.

Koma apanso ndinalakwitsa, ndipo uku ndiye kulakwitsa kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero. Malo okumba ndinasankha ndekha, potengera kamapu kakale ndi mapale amene ndinaona ali mbwee pamunda wina. Tinatchera zingwe, maenje a mita imodzi mbali zonse, kutsika masentimita khumikhumi, kupala ndi kampeni ka abilida kaja, dothi lonse kudutsa pa sefa. Phulusa linali lambiri, mapale ambiri, mafupa a mbuzi, ine ndiye chimwemwe, mpaka ndinatumiza zithunzi kwa supavaiza. Sabata yachitatu, pansi penipeni pa dzenje, panatuluka chidutswa cha mbale yachitsulo yopaka utoto woyera ija ndi khosi la botolo. Pansi penipeni, kutanthauza kuti zonse za pamwamba pake ndi zaposachedwa kuposa mbaleyo.

Tsiku lomwelo kunabwera gogo wina woumba mbiya, amene ankakonda kukhala pachitsa chapafupi nkumationerera osayankhula kanthu. Anatola phale limodzi pa sefa, kulitembenuza, kulikanda ndi chikhadabo, nkuti mwana wanga, uwu ndi mphika wa ndiwo, ndipo woumba wake ndikumudziwa, anali apongozi a achemwali anga, timizere iti ankalemba ndi kansungwi. Apa mukukumbapa panali padzala pawo, nthawi ya chitaganya. Chitaganya ndi 1953 mpaka 1963, ine ndikufuna za mma 1800. Ndinawafunsa kuti gogo bwanji simunandiuze masiku onsewa? Anandiyang'ana nkuti munandifunsa?

Safunsa anadya phula, ine ndinadya la masabata atatu ndi malipiro a anthu asanu ndi mmodzi.

Mawa lake ndinapita kwawo ndi shuga ndi sopo, kope ndinasiya dala mthumba. Anandiuza kuti iwo ndi Alhomwe, makolo awo anachokera ku Mozambique kulowa kuno azungu atakhazikika kale, ndipo atafika anapeza mabwinja a anthu ena kumtunda, mmatanthwe kumunsi kwa Michesi, kumene anthu ankabisala nthawi ya nkhondo zogwira akapolo. Amayi awo ankawaletsa kutola mapale kumeneko. Zimenezi zinagwirizana ndi zimene mabuku amanena, kuti Alhomwe ambiri analowa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kuyambira chakumapeto kwa zaka za mma 1890, koma ine sindinaganizepo kuti ndiye kuti mudzi wa lero ndi mudzi umene ndikuufunawo sangakhale pamalo amodzi. Anandiuzanso kuti pali kachigawo kena ka mitengo yowirira, pamenepo musakayerekeze, ndi pamanda. Mukamacheza ndi akuluakulu musangothamangira amfumu ndi madoda, funsani amayi oumba, amayi otola nkhuni, iwowo ndi amene amadziwa nthaka phazi ndi phazi.

Mdzukulu wawo anatilondolera, ulendo wa mphindi makumi anayi chokwera. Malo ake munthu sungaganize kuti pangakhale mudzi, pothinana, miyala yokhayokha, madzi kutali, koma ukaima pamenepo ukuona chigwa chonse ndi aliyense amene akubwera. Panali mphero ziwiri zokumbika pakati chifukwa chopera, imodzi mwanamphero wake ali pambali pomwepo ngati mwini wake wangopita kukatunga madzi. Ndinakhala pansi kaye. Masabata anayi amene anatsala tinakumba maenje asanu, ndipo munatuluka mapale osiyana kwambiri ndi a kumunsi aja, zidutswa za kaliwo wadothi, mpeni wodyeka ndi dzimbiri, kamwala ka mfuti ya gogodela, ndi mikanda. Mkanda woyamba anaupeza ndi mmodzi wa amayi osefa aja, kakang'ono ngati njere ya mapira, kofiira kunja koyera mkati. Mikanda yotere inkapangidwa ku Venice ku Italy ndipo inafala kuno mzaka za mma 1800, inkayenda ndi amalonda omwe aja a nsalu, mfuti ndi anthu. Mayiyo anauika pachikhatho nkuti kanthu aka nkumagulira munthu? Tonse tinangoti chete. Sefa yanga yoyamba inali ya mabowo aakulu, mikanda ngati imeneyi ikanangodutsa, mwayi wake ndinali nditagula waya wa udzudzu wa pawindo nkuuika pansi pake. Musaiwale zimenezo.

Kenako ndinawotcha ndalama pa radiocarbon, njira ya ku labu yoyezera zaka za zinthu ngati makala. Ndinkaona ngati thesis yopanda madeti a ku labu siyolemekezeka, ndiye ndinatumiza masampulo atatu a makala kunja, zonse pamodzi ndi zotumizira zinapitirira K1 miliyoni ya nthawi imeneyo. Supavaiza anandichenjeza mu imelo, ine ndinaumirira. Ndinadikira miyezi iwiri ndipo zotsatira zinabwera zoti makalawo akhoza kukhala a chakumapeto kwa mma 1600, kapena mma 1700, kapena mma 1800, kapena kufika cha mma 1900. Labu sinalakwitse ayi, njira imeneyi ndi mmene ilili, pa zinthu za zaka mazana atatu apitawa mlingo wa radiocarbon mlengalenga unkakwera nkumatsika ndiye muyeso umodzi umagwera pa zaka zingapo zosiyana. Kwa ofukula za Nkope za zaka zoposa chikwi imagwira bwino ntchito, kwa ife a mma 1800 mkanda umodzi umakuuza zambiri kuposa pepala la ku labu. Ndalama imeneyo ikanandikwanira kukumba mwezi wina wathunthu.

Tsopano chiswe. Zofukulazo zinali mmatumba 140 ndi kanthu, thumba lililonse ndi kapepala kake konena dzenje, kuya kwake ndi tsiku. Timapepalato ndinalemba ndi bolopeni pa mapepala a mkope, mapale ena ndinawatsekera asanaumitsitse, nkulongedza mmakatoni a sopo. Ndinayenera kuzipereka kosungira zinthu za boma ndikamaliza kuziwerenga, koma ndinati ndidzapanga ndikabwera pa holide, ndiye ndinazisiya mkachipinda kosungira makasu kwa achimwene anga ku Chiradzulu, pansi penipeni pa simenti yong'aluka. Kumayambiriro kwa March 2019 kunagwa chimvula chija cha Idai, madzi analowa, achimwene ali kalikiliki kupulumutsa chimanga chawo, za makatoni anga ndani akanaziganiza. Nditabwera mu June ndinanyamula katoni yoyamba, pansi pake panangotsala mmanja, chiswe chili yakaliyakali. Matumba ena anabooka mapale nkusakanikirana, ena mkati munachita nkhungu kapepala kanasanduka phala, inki itafalikira buluu yekhayekha.

Ndinakhala pakhonde masiku anayi kuyesa kulumikiza. Matumba 60 ndi angapo sindinathe kudziwa kuti anachokera dzenje liti, ndipo choipitsitsa ena a padzala la chitaganya lija anasakanikirana ndi a kumtunda. Amene sali mu ntchitoyi amati nanga si mapalewo alipo? Alipo inde, koma phale losadziwika pamene linatuluka ndi phale basi, ngati limene mungatole kuseri kwa nyumba yanu. Kufukula nkuwononga, dzenje ukalikumba sungalikumbenso kachiwiri, chimene chimatsala ndi zimene walemba. Chinandipulumutsa nchakuti mikanda ndi tizitsulo ndinali nditaziika mmabotolo a mankhwala olembedwa ndi maka, komanso mnyamata wondithandiza uja anali ndi chizolowezi chojambula tsamba lililonse la kope langa pa foni madzulo alionse, ine ndinkamuseka kuti akutha batire. Lembani ndi maka yosafufutika kunja kwa thumba, muikenso kalebulo kapulasitiki mkati, umitsani mapale kaye, gulani mabigiri kapena mabokosi apulasitiki, ndipo muike pamwamba osati pansi. Zonsezi sizikanafika olo K50,000.

Ndinalembera supavaiza kuti ndikusiya. Anandiimbira foni nkundiuza kuti ndilembe chilungamo mu thesis, chimene chinatayika ndi mmene chinatayikira, ndigwiritse ntchito zotsalazo. Mutu unachepa, mmalo mokamba za midzi yonse yozungulira linga ndinangokamba za malo amodzi othawirako aja. Covid inabwera mu 2020, maboda kutsekedwa, ine ndili kuno mabuku ali ku Joni, kulemba usiku magetsi akabwera, bandulo kutha pakati pa miting'i. Ndinamaliza mu 2021, gawuni sindinavale, satifiketi inabwera pa DHL.

Za ntchito ndisakunamizeni. Mipando ya archaeology kuno ndi yowerengeka, ku dipatimenti ya boma yoona za museum ndi zipilala, ndi mmayunivesite ochepa, ndipo anthu sachokapo msanga. Ine ndinabwerera ku choko, ndimaphunzitsako ma part time pa koleji ina, ndalama yake imabwera mochedwa, ndipo mwa apo ndi apo amanditenga kukayendera malo amene pakufuna kudutsa msewu kapena kumangidwa chinthu chachikulu, kuona ngati pali manda kapena mabwinja. Imeneyo ndiye imabweretsako kangachepe. Pepala langa loyamba ku journal linabwezedwa kawiri, ndipo mmodzi wa owunika anafunsa ndendende za matumba osowa aja. Loni ya ku SACCO ndinamaliza kubweza chaka chatha, mbuzi za mayi ndabweza zitatu mwa zisanu. PhD ndimaifunabe koma osati ya fizi yokha.

Nkhani yoti ndidzabwerera kukakumbanso kuti nditseke mabowo a thesis ndinali nayo ndithu, mpaka March 2023 pamene Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera mmapiri a ku Mulanje ndi Phalombe. Ndinapitako mu August chaka chomwecho. Za mabwinja sindinayambe nkufunsa komwe, anthu anali ataika maliro ambiri ndipo ena abale awo sanawapeze mpaka lero, mmodzi wa anyamata anga okumba aja nyumba yake inapita ndi zonse. Gogo woumba uja ndinamupeza ali moyo, akukhala kwa mwana wake. Mdzukulu wawo yemwe uja ndi amene anandiuza yekha kuti tiyeni mukaone kumalo kwanu kuja. Tinakwera, njira itasintha, ndinayatsa GPS nkuima pa nambala za dzenje lachitatu. Panali chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Mphero zija tinazifunafuna mpaka dzuwa kupendeka, sitinazione.